Zitini Ziwiri za Simenti

Atteridgeville,
Lachisanu masana

Pemphero mwana wanga,

Ndikudziwa chimene chakhala chikukusowetsa mtendere masabata apitawa. Si tenti, si malowolo, si suti yako imene yathina m'mimba, ngakhale kuti yathinadi. Ukuopa kuti mawa ukwatira Refilwe, mkuja mupita ku Polokwane kukayamba nyumba yanu, ndiyeno kumeneko thupi lako likakuchititsa manyazi. Waona kuti masiku ano umatopa msanga, ukafika pakhomo umangodzigwetsa pampando, ndipo moto umene mnyamata wa msinkhu wako amayenera kukhala nawo ukuumva ngati wayamba kuzilala. Khala pansi uwerenge mpaka kumapeto. Nkhani yake si yoopsa monga ukuganizira.

Ndadziwa chonchi. Lachiwiri lapitali kunabwera a Maluwa, aja amatitengera katundu kuchokera kumudzi. Iwe unali kuntchito. Atatsitsa usipa ndi nandolo wa amayi ako, anandikokera kuseri kwa galimoto n'kundipatsa kaphukusi kokulunga m'nyuzipepala.

"Abambo, katundu wanu uja ndi uyu. Ndasankha weniweni wa kumudzi, osati wa m'tauni. Koma inu, pa msinkhu wanuwu muziyenda pang'onopang'ono, amayi angakuthaweni."

Nditamasula ndinapeza mizu ya gondolosi ndi kabotolo ka ufa wakuda kopanda dzina. Iwe unatumiza uthenga kudzera kwa anzako, ndipo a Maluwa anangomva kuti a Phiri a ku Atteridgeville akufuna mankhwala. Anaiwala kuti pakhomo pano a Phiri alipo awiri. Sindinawatsutse. Ndinalandira manyaziwo m'malo mwako, ndipo pofika Lamlungu Amalawi onse a ku Pretoria akhala atamva kuti mphunzitsi wakale uja wayamba kutafuna gondolosi. Palibe kanthu. Ubambo ndi umenewo.

Kwathu nkhani ngati iyi bambo sakamba ndi mwana wake. Ndi ntchito ya amalume, ya ankhoswe ndi alangizi, amene amamutengera mnyamata pambali n'kumuuza zonse mosapsatira mawu. Koma amalume ako ali ku Balaka, miyendo yawatupa, ulendo wa pa basi sangauthe. Ankhoswe amene tawapeza kunowa ndi anthu abwino, koma ndikuwadziwa. Akuuzani za kupemphera limodzi ndi kusagona mutakwiyirana, akafika pakhomo la kuchipinda atsokomola n'kubwerera. Ndiye ndaona kuti kusiyana n'kuti unyamule mantha ako m'sutikesi, bola ndiphwanye mwambo ndi cholembera. Pakamwa sindingathe. Ukawerenga usandiyankhe. Mawa tikakumana kutchalitchi undipatse moni monga mwa masiku onse.

Pamene ndinkafika ku Joni ndinali mphunzitsi wa sayansi amene sanagwirepo fosholo chitulukireni ku koleji. Ntchito yoyamba imene ndinapeza inali ya m'dimba ku Waterkloof, panyumba ya mzungu wina wogwira ntchito ku ofesi ya kazembe. Nyumbayo inali pamtunda. Tsiku lonse ndinkakankha wilibala ya manyowa, kunyamula miyala, kukumba maenje a mitengo, ndi kusesa maluwa a jakaranda amene ukasesa uku, uko agwanso. Ndinkachita nayo manyazi ntchitoyo, moti m'makalata opita kwa amayi ako ndinkangoti ndili ku ofesi ya kazembe. Chimene sindinkadziwa n'chakuti thupi langa silinakhalepo bwino ngati nthawi imeneyo. Ndinkagona tulo ta mwana, ndinkadzuka wopepuka, ndipo amayi ako ndinkawasowa mpaka m'mafupa.

Kenako abwana anadziwa kuti ndili ndi laisensi ndiponso Chingerezi changa n'chomveka, anandikweza kukhala dalaivala. Tayi, nsapato zopolisha, galimoto ya mphepo yozizira. Ntchito ya dalaivala ndi kukhala basi. Ukhala poyendetsa, ukhalanso podikira, ndipo podikirapo timadya. M'mawa magwinya, mandasi a kuno aja, masana papa, nsima ya kunoyi, ndi nyama yonona, kutsitsira ndi zakumwa zotsekemera, madzulo timabotolo ndi madalaivala anzanga. Mimba inatuluka. Apa ndi pamene panali kupusa kwathu Amalawi: ndinainyadira. Kwathu munthu wa ku Joni akaoneka wowonda amati zamuvuta, ndipo zaka zimenezo kuwonda kunkachititsa anthu kunong'onezana za matenda. Ndinajambulitsa chithunzi nditatsamira galimoto ya abwana, jekete nditatsegula dala kuti mimba ioneke bwino. Agogo ako anachipachika pakhoma n'kumauza aliyense wobwera kuti mwana wawo wakhala bwana. Palibe amene anandiuza kuti ubwana umenewo ukundidya. Pemphero, mimba si chuma. Ndibwereza zimenezi chifukwa azakhali ako mawa akuyamikira kuti wanenepa bwino, ndipo uwamwetulire koma usawakhulupirire.

Iwe ndi amayi ako munafika kuno chaka chija anthu ankaopa kuti makompyuta onse afa tikamalowa 2000. Unali utangolemba mayeso a JC, maso ako onse ali pa mpira ndi pa masitolo, sunaone kanthu. Ine ndinali nditakhala zaka ndikulota tsiku limenelo. Koma litafika, thupi linakana. Sindikuuza zambiri, pakuti ndi amayi ako. Ungodziwa kuti ndinkafika pakhomo, kudya, n'kugona mkonono uli m'mwamba, ndipo tsiku limene tulo sitinabwere ndinkanamizira. Chinthu chimenechi chikakanika kamodzi, ulendo wotsatira munthu amapita ndi mantha, ndipo manthawo ndi amene amachikanikitsa kachiwiri. Posakhalitsa ndinasiya ngakhale kuwagwira dzanja, kuopa kuti angayembekezere zimene sindikanatha.

Lamlungu lina masana, iwe utapita ku mpira, ndinawapeza atatsitsa chikwama chawo pamwamba pa wodiropu.

"Ulendo wa kuti, aNambewe?"

"Kwathu. Mundigulire tikiti. Mwanayu atsale aphunzire."

"Chalakwika n'chiyani?"

"Mukufunsa ine? Abambo a Pemphero, ine sindinabwere ku Joni kudzakhala mlongo wanu. Ngati kuli wina ku Mamelodi amene akukudyetsani mpaka mimba yonseyi, mungonena. Sindimenyana ndi munthu ine. Ndikangowauza ankhoswe kuti ndinapeza pamalo panga patakhala kale ena."

Ndinalumbira kuti palibe wina. Iwo anati, "Ngati palibe, ndiye kuti ndine ndakunyansani."

Mawu amenewo andikhala mpaka lero. Ine ndinkaganiza kuti pokhala chete ndikubisa manyazi anga, osadziwa kuti ndikuwasenzetsa iwo mlandu umene sanapalamule. Kumbukira zimenezi, mwana wanga: mwamuna akakhala chete, mkazi amadziyankha yekha, ndipo yankho limene amapeza limakhala lowawa kuposa zoona zake. Tsiku limenelo ndinawauza zonse, mochita kukakamira ngati mwana wa sukulu wosadziwa phunziro. Ndinawapempha kuti andipatse nthawi. Anavomera, koma chikwama sanachibwezere pamwamba. Chinakhala pafupi ndi chitseko, ndipo m'mawa uliwonse ndinkachilumpha popita kuntchito.

Chimene ndinachita Lolemba lake ndi chimene wachita iwechi. Ndinatsika ku Marabastad n'kupeza bambo wina wogulitsa mankhwala pafupi ndi pokwerera mataxi. Sindinalankhule n'komwe. Anangoyang'ana mimba yanga, tayi wanga ndi mmene ndinkayang'anira uku ndi uku, n'kutulutsa botolo lokhala ndi chithunzi cha mkango. "Baba, uyu ukamwa, mawa ubwera kudzandipatsa ng'ombe." Ndinamwa. Mtima unagunda ngati ng'oma ya beni, mutu unawawa, ndipo m'malo mwa mkango ndinakhala mlonda wa chimbudzi cha panja chimene tinkagwiritsa ntchito limodzi ndi banja la eni nyumba. Mayi mwini nyumba anachita kugogoda n'kufunsa ngati ndasamukira momwemo. Gondolosi sindimunyoza, makolo athu ankatafuna ndipo ena amati amawathandiza. Koma kabotolo kopanda dzina ndi nkhani ina. Sudziwa chimene anathiramo. Ena amasakanizamo mankhwala amphamvu a kuchipatala, amene angagwetse munthu wa vuto la mtima. Ndipo ngakhale katagwira ntchito usiku umodzi, chimene chadwalacho sikachikhudza.

Chimene chinandipulumutsa ndi lamulo la kuntchito loti madalaivala azipimidwa m'thupi. Dokotala wake anali mmwenye wachikulire wosaseka. Anandimanga lamba pamkono, anandibaya chala, n'kundiuza kuti magazi akuthamanga kwambiri ndipo matenda a shuga ali pakhomo, sanalowe koma akugogoda. Kenako, maso ali papepala, anafunsa kuti, "Kunyumba zikuyenda?"

"Zikuyenda bwino, adokotala."

"Ndikufunsa za kuchipinda, a Phiri."

Ndinangoti chete. Iwo anati, "Simuli nokha. Madalaivala ambiri amene amakhala pampando umenewo amandiyankha ndi chete yemweyo." Anandifotokozera pang'ono, zina ndinakawerenga ndekha ku laibulale, ndipo ndikufuna ndikufotokozere monga ndinkaphunzitsira ana a Fomu 4.

Ku Waterkloof ndinkathirira maluwa ndi paipi yaitali. Madzi akamabwera ochepa, kapena m'paipimo mukadzaza ndere, maluwa oyamba kufota anali a kumapeto, othiriridwa ndi timapaipi ting'onoting'ono. Thupi la mwamuna lili chimodzimodzi. Ntchito ya kuchipinda imayendera magazi, ndipo mitsempha imene imapereka magazi kumeneko ndi ing'onoing'ono. Munthu akamangokhala, kunenepa, kusuta, shuga n'kukwera, mitsempha imeneyo ndi imene imayamba kuvutika mtima usanadandaule n'komwe. N'chifukwa chake vuto la kuchipinda nthawi zambiri limakhala mthenga, wobwera kudzachenjeza za mtima ndi shuga. Ukamayenda ndawala, kuthamanga, kupalasa njinga, mtima umalimba, mitsempha imafewa, ndipo madzi amafikanso ku maluwa a kumapeto aja.

Ndiye pali timadzi ta m'thupi timene madokotala amati mahomoni. Amene amadzutsa chilakolako mwa mwamuna amatchedwa tesitositeroni. Mafuta a m'mimba amamuchepetsa. Kusagona mokwanira ndi mowa wambiri zimamuchepetsanso. Munthu akamagwiritsa ntchito minofu ikuluikulu, ya m'ntchafu, ya kumsana, ya pachifuwa, mafuta n'kumachoka, tulo n'kumabwera, thupi limathandizika kubwerera pa mlingo wake. Ndisakunamize kuti chitsulo chimasandutsa munthu kukhala tonde. Sichitero. Chimangochotsa zinthu zimene zaunjikana pamwamba pa mphamvu zimene uli nazo kale.

Mbali yomaliza ili m'mutu, ndipo kwa ine inali yaikulu kuposa zonse. Munthu wa nkhawa, woganiza za mapepala ake, za lendi, za abwana, sangakhale ndi chilakolako, pakuti thupi lake limakhala ngati likuthawa chilombo. Thukuta limatsuka nkhawa zimenezo. Komanso munthu akanyamula lero chinthu chimene mwezi watha chinamukanika, amayamba kulikhulupiriranso thupi lake, sachitanso manyazi kuvula malaya nyali ikuyaka. Chikhulupiriro chimenecho amalowa nacho kuchipinda.

Majimu a m'tauni anali a anthu a ku Waterkloof, osati a dalaivala wawo. M'chipinda choyandikana ndi chathu munkakhala Che Amidu, telala uja wa ku Mangochi amene wakusokera suti. Nawonso ankadandaula msana chifukwa chokhalira makina tsiku lonse. Sindinawauze vuto langa lenileni, ndinangoti adokotala andiopseza za shuga. Tinatenga zitini ziwiri za penti zimene abwana ankataya, tinathiramo simenti, pakati n'kulowetsa paipi yachitsulo. Zitauma ndinavula malaya, ndinagwira paipiyo, ndinakoka. Zitini zinakwera kufika m'mawondo n'kubwerera pansi, ine phuma lili wefuwefu. Ana a eni nyumba anagwa nazo chiseko. Wamkulu anati, "Eish, malome, musiyeni, akuphani ameneyo!"

Che Amidu anaseka mpaka kugwira khoma. "Achimwene, munavutika kupempha Mulungu kuti akuchotseni pa wilibala. Wakuchotsani. Lero mwadziumbira wilibala yanu yopanda tayala."

"Nyamulani inuyo tione."

"Ine ndi telala, achimwene. Cholemera chimene ndimanyamula ndi ngongole za anthu."

Koma ananyamula, ndipo nawonso chinawakanika. Kuyambira tsiku limenelo, akatha kuswali m'bandakucha ankagogoda pawindo langa, tonse n'kukumana kuseri kwa nyumba. Mmodzi akachita ulesi, mnzake ankamunyoza mpaka adzuke. Upeze mnzako wotere ku Polokwane. Chitsulo cha munthu mmodzi chimachita dzimbiri. Ndinayambanso kutsika taxi kumunsi n'kukwera mtunda wa ku Waterkloof wapansi, tayi ali m'thumba. Podikira abwana, m'malo mogona m'galimoto ndinkazungulira bwalo. Botolo ndinachepetsa, zotsekemera ndinasiya.

Tsopano imva bwino, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amagwa ulesi. Masabata oyamba sindinaone chilichonse koma kuphwanya kwa thupi. Ndinkalumphabe chikwama chija m'mawa uliwonse, mumtima ndikuti ndikudzivutitsa pachabe. Choyamba kusintha chinali tulo. Amayi ako anati mkonono wachepa. Kenako phuma linasiya kundithera pamtunda. Kenako lamba anafuna bowo lina. Ndinasiya kukukalipira pa zinthu zopanda pake, kapena ukukumbukira. Chimene ndinkachifunitsitsa chinabwera pomaliza penipeni, mosaimba lipenga, nditasiya n'komwe kuchidikira. Tinayamba zitini kukuzizira, ndipo pofika nthawi imene jakaranda anachita maluwa, tsiku lina ndinafika pakhomo n'kupeza kuti palibe cholumpha. Chikwama chinali chitabwerera pamwamba pa wodiropu. Mlongo wako Tadala, amene umamuseka kuti ndi mwana wa ukalamba, amene mawa akumwazirani maluwa, anabadwa chaka chotsatira. Masamu unakhoza bwino, werengera wekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wanga.

Ukanaganiza kuti ndinachenjera, koma ndinagwanso m'dzenje la tsidya lina. Anyamata a mumsewu mwathu ataona zitini anayamba kubwera, tinaumba zina zikuluzikulu za m'mabaketi, ndipo ine, bambo wa zaka zopitirira makumi anayi, ndinayamba kupikisana nawo. Ndinkanyamula m'mawa, ndinkanyamulanso madzulo, Lamlungu lomwe osapuma. Chakudya ndinachepetsa kwambiri pofuna kuti mimba ithe yonse. Mikono inakula, anthu anayamba kuyamikira. Koma kunyumba zinthu zinabwerera pomwe zinali. Ndinkafika wotheratu, wosachedwa kupsa mtima, tulo tosagwira, chilakolako chitathawanso. Amayi ako anandiyang'ana tsiku lina ndikudzola mankhwala pamsana n'kunena kuti, "Kale ndinkalimbana ndi tulo, tsopano ndikulimbana ndi zitini. Kodi nditsitsenso chikwama?" Ankaseka ponena zimenezo, koma ndinamva. Thupi likagwira ntchito mopitirira, lopanda chakudya chokwanira ndi mpumulo, limasunga mphamvu zotsalazo kuti likhale ndi moyo, ndipo za kuchipinda ndi zimene limayamba kutseka. Minofu sikula pamene ukunyamula, imakula pamene ukupuma. Ukamaliza masewera uzimva kuti watsala ndi mphamvu zolowa nazo m'nyumba. Ukatuluka ukukwawa, wapyola.

Pa anyamata amene aja panali mmodzi amene anakula msanga modabwitsa. Sinditchula dzina, ukumudziwa, ankalondera pakhomo la tavern ya kumtunda kuja. Chifuwa chinali ngati chitseko, atsikana ankatembenuka akamadutsa. Anali akudzibaya majakisoni a mahomoni ogula mobisa. Tsiku lina anatsalira anzake atapita, anakhala pa chitini, n'kundiuza misozi ili m'maso kuti mkazi wake akufuna kuchoka ndipo mwana sakubwera. Thupi likaona kuti mahomoni akuchokera kunja, limasiya kupanga ake, ndipo mbewu za ubereki zimachepa. Ukasiya jakisoni umapezeka kuti ulibe a kunja, ulibenso a m'kati. Ndinamuperekeza kuchipatala, ndipo zinamutengera nthawi yaitali kuti abwerere mwakale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wina akadzakuonetsa jakisoni kapena mapilisi kuseri kwa jimu, udzakumbukire munthu wamkulu uja akulira pa chitini cha penti.

Tsopano ndibwere kwa iwe. Sunagwe m'papaya, Pemphero, usadziweruze. Ndakhala ndikukuona. Chipezereni ntchito ya muofesi unasiya mpira. Umakhala m'taxi, umakhala pa desiki, umakhalanso m'taxi, masana umadya sphatlho, chibuledi chija chodzaza tchipisi ndi soseji, usiku umachezera kanema, ndipo miyezi ino wasenza nkhawa za ukwati pamwamba pa zonsezo. Ndiwe ine wa pachithunzi cha agogo ako, kungoti iwe wayamba msanga ndipo uli ndi mwayi wobwerera msanga. Thupi la mnyamata limayankha mwachangu kuposa langa lija.

Uyambe mopepuka, ndi cholemera chimene ungachinyamule kangapo msana uli wowongoka. Tsiku lina unyamule, lotsatira upumule kapena ungoyenda. Usakhale ngati anyamata amene amangolimbitsa mikono yoonetsa pa malaya, miyendo ili ngati ya adokowe. Nyonyomala ndi kudzuka zitini zili paphewa, zinyamule kuchokera pansi pogwiritsa ntchito ntchafu osati msana, chita mapushapu. Masiku ena uthamange kapena ubwerere ku mpira. Idya chakudya chenicheni, nyemba, mazira, nsomba, masamba, osadzimana ngati mkaidi. Gona nthawi yabwino. Fodya usamuyandikire, ndiye mdani wamkulu wa timitsempha tija. Ukamva kuwawa pachifuwa kapena chizungulire, siya, ukaonane ndi dokotala. Ndipo ngati miyezi ipita ukuchita zonsezi koma zinthu osasintha, pita kuchipatala ukapimitse shuga ndi magazi, n'kumuuza dokotala zoona popanda kudikira kuti akufunse kawiri ngati ine. Zilipo zina zimene zitini sizingachize, koma achipatala amazitha.

Refilwe usamusiye kunja kwa nkhaniyi. Zimene ndanena za magazi, tulo ndi nkhawa zimagwiranso ntchito kwa akazi. Amayi ako atabereka Tadala anayamba kuyenda nane madzulo kuzungulira bwalo la sukulu, ndipo zinthu zambiri zimene sitikanatha kuuzana titakhala moyang'anizana tinauzana tikuyenda, maso ali kutsogolo. Muziyenda limodzi. Ndipo udziwe kuti chilakolako sichikhala m'minofu mokha. Mkazi amene wamunyoza masana sangakondwere ndi mikono yako usiku. Padzakhala masiku amene iwe udzatopa, padzakhala amene iye adzatopa. Si mayeso, palibe amene akukuchongani. Likadzafika tsiku limene thupi lakana, usatembenukire kukhoma. Mugwire dzanja, umuuze kuti vuto si iye. Ndikubwereza: usakhale chete. Chikwama chija chinatsitsidwa ndi chete wanga, osati ndi mimba yanga.

Chinanso, ndipo apa sindikuseka. Mphamvu zikabwera, zipite kunyumba kwako. Ndaona amuna amene thupi litangoyamba kuoneka bwino anaganiza kuti ndi la dziko lonse. Iwe ndi ine tasonkha kangati pa maliro a Amalawi anzathu, tikuperekeza mabokosi pa ngolo za magalimoto kupita kumudzi? Ndinasangalala kumva kwa amayi ako kuti iwe ndi Refilwe munakayezetsa magazi limodzi. Zimene munapeza tsiku limenelo muzisunge ngati dzira.

Phukusi lako ndaliika pansi pa malaya m'sutikesi mwako, mizu yonse ilimo, sindinatafuneko ngakhale kuti mbiri yandipeza kale. Kabotolo kokha ndataya m'chimbudzi, ndipo pa chimenecho sindipepesa. M'galimoto ya baki imene inyamule katundu wanu, kuseri kwa bedi, upezamo zitini ziwiri za penti ndi paipi yake. Ndi zoyamba zija. Penti yake inasuluka, pogwira panasalala ndi manja anga ndi a Che Amidu. Ndinkafuna kuzikweza mobisa, koma amayi ako anandipeza ndikuzikoka m'mawa uno. Anaima pakhomo, manja m'chiuno.

"Mukupita nazo kuti?"

"Ndikumupatsa mwanayu. Kwatsala zazikulu zija, zindikwanira."

Anabwera n'kugwira mbali inayo. Tikukweza anati, "Mumuuze azisamale. Ankhoswe athu a ku Balaka anali kutali. Ukwati wathu uno anaugwira ndi ankhoswe a simenti awa."

Ndiye ndikukupempha chinthu chimodzi chokha, ndipo sindidzakufunsa ngati wachita. Mukafika, katundu atalowa m'nyumba ndipo alendo atabalalika, upeze kamalo kuseri, uziike pamenepo. M'mawa wina udzuke, uvule malaya, ugwire paipiyo. Zikakukanika kufika nazo m'chiuno useke, zinandikanikanso ine. Mawa lake upumule, mkuja ubwererenso. Uyese mpaka nyengo isinthe, gondolosi adikire m'sutikesi. Ukadzabwera pa Khirisimasi sindidzanena kanthu. Ndidzangoyang'ana pamene lamba wako wamangira.

Pita bwino, mwana wanga. Mulungu akhale pakhomo panu.

Ndine bambo wako,
amene a Maluwa akumunamizira